Khomo la Nkhono

Anthu akamva kuti a Chikhatho amagwira ntchito ku kampani yopanga magalimoto, ankaganiza za masipanala ndi ovolosi yonona ndi girisi. Ayi ndithu. A Chikhatho ankaumba dongo. Galimoto isanakhale yachitsulo imayamba yakhala yadongo, yaikulu ngati yeniyeni, ndipo pamafunika munthu woti afewetse dongolo mu uvuni, alimate pa chimango, n'kulipala ndi timipeni mpaka lisalale. Munthu ameneyo anali iwowa, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo apantchito chifukwa mkuluyu sankakhulupirira maso. Ankatsinzina, n'kuyendetsa chikhatho padongo, n'kunena kuti, "Apa pali phiri," pamalo pomwe aliyense ankaona kuti pangoti see.

M'chipinda choumbiramo munali lamulo limene aliyense ankaliphunzira tsiku loyamba, ndipo mphunzitsi wake anali a Chikhatho omwewo. Galimoto siiumbidwa mbali zonse ziwiri. Umamaliza mbali imodzi, inayo n'kuifunditsa nsalu. Kenako pamabwera wa makina ounikira, n'kuyendetsa kuwala kofiira pa mbali yomalizidwayo, kompyuta n'kuitembenuza ngati pagalasi, n'kutulutsa mbali inayo yofanana ndendende. "Pofunda nsalu palibe chako," ankatero a Chikhatho, chala chili m'mwamba. Kuunika kukatha, dongo limapalidwa lonse n'kubwezedwa mu uvuni kuti lidikire galimoto ina.

Kunyumba kunali mayi, akazi awo. Zaka ziwiri m'mbuyomo sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanzere, koma pakamwa pokha inapaopa. Mayiwa anali telala wa madiresi a akwati, munthu woti ulusi umodzi ukalendewera pa malaya ako amakuimitsa pamsewu n'kuudula ndi mano. Ulendo wawo womaliza unali wa ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo. Atafika pakhomo pa holo, a Chikhatho ndi dalaivala wa takisi anagwirizana zowatulutsa, wina kumutu wina kumiyendo. Mutu unagunda chitseko, nsapato inagwera m'ngalande, diresi n'kukwinyikira m'chiuno anthu onse akuona. Panali kamtsikana kena komwe kanaseka, mayi ake n'kukatsina.

Atabwerera kunyumba mayi ananena kamodzi kokha. "Bambo, ine si thumba la simenti. Yodzandinyamula ndi ambulansi basi, chifukwa pamenepo sindidzakhala ndikudziwa."

Ndipo anasungadi mawu awo. Dziko lawo linathera pakhonde, pa chikuku chawo cha matayala awiri akuluakulu, pakati pa miphika ya maluwa yomwe ankailondera ngati msilikali chifukwa nkhono zinkadya masamba. A Chikhatho zinkawadya mumtima. Munthu woumba magalimoto, mkazi wake osakwera galimoto! Akamapita kuntchito m'mawa ankawasiya akuyang'ana kugeti, pobwera madzulo n'kuwapeza akuyang'anabe komweko.

Chaka chimenecho mabwana anafuna galimoto ya chionetsero, imodzi yokha, yosagulitsa, yongoonetsa dziko mmene magalimoto a m'tsogolo adzakhalire. Anati itengere chilengedwe. Ntchito yojambula anaipereka kwa mayi wina wachitsikana yemwe anzake ankamutcha Namapensulo, chifukwa ankazika mapensulo m'tsitsi n'kumawafunafuna patebulo. Anajambula tsamba, mabwana anati ena anapanga kale. Anajambula nsomba, anati ikuoneka ngati sopo. Phiko la mbalame analikana asanaliyang'ane n'komwe. Mwana wa eni ake anaonda.

A Chikhatho anafotokoza zimenezi kunyumba mongocheza. Mayi anapisa dzanja lawo lamoyo mu mphika wa maluwa, n'kutulutsa chigoba cha nkhono, chouma, chopanda mwini.

"Taonani kuno, amisiri inu," anatero. "Ngakhale nkhono anaiganizira. Khomo lalikulu, lofika pansi penipeni, imalowa yokha popanda woinyamula. Inu zaka zonsezi mwakhala mukuumba chiyani?"

A Chikhatho anachilandira. Anachitembenuza chigobacho m'manja. Mbali ina chinali chotseka, chozungulira, cholimba. Mbali inayo chinali khomo lokhalokha.

M'mawa mwake anachiika patebulo la Namapensulo. Iye anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anazula pensulo m'tsitsi. Pofika masana galimoto inali papepala: yoyendera batire, yopanda phokoso, msana wozungulira ngati chigoba. Kumanja kunali kachitseko wamba, ka anthu a miyendo iwiri yamoyo. Kumanzere kunali khomo lalikulu lotseguka kuchokera kudenga mpaka pansi, ndi mlomo wotsika n'kukhudza msewu, woti chikuku chingokwera chokha, mwini wake ali chikhalire. Mabwana anavomera, ngakhale wina anadandaula za dzina. "Galimoto n'kuitcha Nkhono? Ndani angafune kufika mawa ulendo wa lero?" Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, koma dzinalo linakakamira.

Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo, a Chikhatho anaumba mbali zonse ziwiri. Yakumanja anaimaliza m'masabata atatu, akuimba likhweru. Yakumanzere inawatengera miyezi iwiri. Anabwera ndi tepi ya mayi yoyezera madiresi, atayeza nayo chikuku kuchokera pa tayala kufika pa tayala, ndiponso kuchokera pansi kufika pamwamba pa duku. Mlomo wa khomo anaupala, n'kuumatanso, n'kuupalanso. Namapensulo ankaima kumbuyo kwawo akuyang'ana wotchi.

"Madala, nthawi yatitheratu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Tayala likagunda apa munthu amagwedezeka msana. Iwe sunakankhepo chikuku."

Madzulo alionse, asanaweruke, ankafunditsa mbali yakumanzereyo nsalu yoyera, kuopa fumbi ndi zigongono za odutsa. Ankaifunditsa mwachikondi, mpaka kupinda m'mphepete, ndipo sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti nsalu m'chipinda chimenecho ili ndi tanthauzo lake.

Lachitatu lina, cha m'ma teni koloko, foni inalira. Anali aneba. Mayi akubanika, ambulansi yawatenga. A Chikhatho anali atangomaliza kupala komaliza. Anaponya kampeni patebulo, anakokera nsalu pa khomo lija monga mwa masiku onse, n'kuthamanga dongo lili m'zikhadabo. Namapensulo sabata imeneyo anali ku mzinda wina ndi mabwana, kukakonza za chionetsero.

Chinali chibayo. Masabata atatu a Chikhatho anakhala pa kampando kachitsulo pafupi ndi bedi, akumva mpweya wa mayi ukulira m'chifuwa. Kampani inawapatsa tchuthi chachitali, popeza ntchito yawo pa Nkhono inali itatha; yotsala inali ya osula thupi lenileni, kufakitale ina komwe galimoto za chionetsero zimapangidwira mobisa. Mayi atayamba kutsegula maso anakana kudya. Supuni ikafika pakamwa ankatembenukira kukhoma.

"Ndidyerenji? Kuti ndikalondere nkhono?"

"Kuti mukakwere Nkhono," anatero a Chikhatho. "Ndinapempha kale, anavomera. Tsiku la chionetsero, anthu asanalowe, woyamba kulowamo ndinu. Nokha, mayi. Ine manja ndidzapinda kumbuyo ngati bwana."

"Bodza."

"Ndinayeza ndi tepi yanu yomwe. Tepi yanu inayamba yanamapo?"

Mayi anawayang'ana ndi diso la telala, lija lofufuza msoko wokhota. Kenako anayasamula pakamwa, supuni n'kulowa.

Atatuluka m'chipatala, mayi anaitanitsa diresi lawo lobiriwira la m'sutikesi, lomwe anasoka okha manja onse ali amoyo. Linali litawakulira kwambiri. Anati alibweza okha. Abale inu, munayamba mwaonapo telala wa dzanja limodzi? Nsalu ankaigwira ndi mano, mapini ali pachifuwa, a Chikhatho n'kumalowetsa ulusi pa singano ndi kukoka pomwe auzidwa.

"Kokani bwino, bambo! Zala zimene amazitama kuntchito n'zimenezi? Ngati nthochi!"

"Dongo silitukwana, mayi."

"Likanakhala ndi pakamwa bwenzi mutamva."

Ankaseka mpaka mayi kutsokomola, ndipo chifuwacho chinkatenga nthawi kuti chileke. A Chikhatho ankachimva, koma ankachiponya kunkhongo. M'nyumba munali mutabwerera phokoso lomwe linasowa zaka ziwiri, ndipo iwo sankafuna kumva china.

Mkati mwa masiku amenewo Namapensulo anaimba foni. Mawu ake anali otsika. "Madala, pali nkhani ina ya galimoto ija."

"Usanayambe, imva izi," anamudula a Chikhatho. "Mayi ako kuno abweza diresi ndi dzanja limodzi! Dzulo amaliza mbale yonse. Akuti uwauze ngati mkati mwa galimotomo muli mtundu wogwirizana ndi chobiriwira, apo ayi asintha duku."

"Ugwirizana," anatero Namapensulo. "Tionana Lachisanu, madala." Foni inaduka, a Chikhatho n'kuganiza kuti mwanayo watopa ndi ntchito.

Lachisanulo, tsiku la chionetsero, analawirira. Za takisi panalibe wozitchula. Mayi anati galimoto yoyamba kuikwera ikhala Nkhono basi. Choncho a Chikhatho anavala jekete, n'kugwira zogwirira za chikuku, ulendo wa wapansi wa ola ndi theka. Anadutsa pa okonza matayala akutsegula shedi yawo, pa sukulu pomwe mlonda ankasesa pageti, pa mlatho wa njanji pomwe anapuma kawiri chifukwa cha chitunda. Pena msewu wa oyenda pansi unkangothera m'malere, iwo n'kutsitsa chikuku chambuyo pang'onopang'ono. Mayi maso anali mwazumwazu.

"Nyumba iyi anaimanga liti? Nanga sitolo ya nsalu ija yapita kuti? Koma inu, simundiuza zinthu!" Anaona mtsikana wina pa siteji ya basi, n'kupukusa mutu. "Mpendero umenewo anasoka ndi wakhungu."

A Chikhatho malaya anali atanyowa kumsana, koma mtima unali m'malo. Ankangoona mlomo uja ukutsika, matayala akukwera mosagwedezeka.

Pa khomo la holo ya chionetsero anapeza Namapensulo akuwadikira, m'tsitsi mulibe pensulo ngakhale imodzi, maso ali otupa. Anagwada n'kupereka moni kwa mayi ndi manja awiri. Kenako anati, "Madala, ndimafuna tiyankhule kaye pambali."

"Tiyankhula pambuyo. Mayiwa adikira zaka ziwiri."

Anakankha chikuku n'kulowa. M'holomo munali anthu antchito okhaokha, ena akuyala kapeti, ena pamakwerero akumanga magetsi. Pakati penipeni, nsalu itachotsedwa kale, panali Nkhono. Ha, inali yokongola, zimenezo tisanamizane. Yotuwira ngati mkati mwa chigoba, msana ukupindika ndendende mmene chikhatho chawo chinaupindira. Anatulukira mbali yakumanja, ya kachitseko wamba.

"Koma ndiye mwaumba," anatero mayi chapansipansi. "Ndisiyeni tsono. Pindani manja."

A Chikhatho anapinda manja kumbuyo. Mayi anagwira tayala ndi dzanja lawo limodzi, phazi lamoyo likuwongolera pansi, n'kuyamba kuzungulira kutsogolo kwa galimoto. Chikuku chinkakhotera mbali imodzi, iwo n'kumachibweza. Antchito aja anasiya zomwe ankachita. Mayi anafika kumanzere, n'kuima.

Kumanzere kunali kachitseko wamba. Kakang'ono, kokwera, kofanana ndendende ndi kakumanja.

A Chikhatho anaganiza kuti asokoneza mbali. Anazungulira galimoto yonse, n'kubwerera pomwe anayambira. Anatsinzina, n'kuyendetsa chikhatho pomwe panayenera kukhala khomo, kuchokera kudenga mpaka pansi. Panali posalala, pozizira, popanda ngakhale msoko.

"Khomo lili kuti?"

Amene anayankha anali wa makina ounikira, bambo wamtali yemwe ankamutcha Katochi, amene a Chikhatho anamulandira okha pantchito zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anali ataima pafupi ndi makwerero, chipewa chili m'manja.

"Ndine, madala. Ndinabwera Lachinayi lija inu muli kuchipatala. Ndinapeza kumanzere kuli nsalu." Anafinya chipewa chija. "Pofunda nsalu palibe chako. Ndinaunika kumanja, n'kutembenuza, n'kutumiza kufakitale."

"Sunavundukule? Kungosuzumira chabe?"

"Ndinavundukulapo kamodzi, chaka changa choyamba. Mukukumbukira zomwe munandinena."

Ankakumbukira. Anamukalipira pamaso pa anthu mpaka mwana wa eni ake kukana chakudya cha masana. Akanamutukwana bwanji lero munthu woti anangomvera? Mkwiyo unakwera, n'kusowa kolowera, chifukwa mwini lamulo anali iwo, mwini nsalu anali iwo.

Namapensulo anafotokoza akulira. Anazindikira thupi litasulidwa kale. Anapempha kuti akonze, mabwana n'kunena kuti nthawi palibe, ndiponso kuti mbali zofanana zikuoneka bwino pa zithunzi. Anaimba foni ija kuti anene, koma atamva za diresi lilime linakana. "Ndinachita mantha, madala. Ndikhululukireni."

"Nanga dongo?" anafunsa a Chikhatho, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Tinapala Lachisanu lake," anatero Katochi. "Lili mu uvuni."

Miyezi iwiri ya khomo lija inali itasungunukira pamodzi ndi dongo lina lonse, osasiya ngakhale chithunzi cha makina. Nthawi yomweyo wina anayamba kuyesa zokuzira mawu, ndipo mawu osalala a munthu wojambulidwa anadzaza holo: "Nkhono. Yophunzira kwa chilengedwe. Galimoto ya mawa, ya wina aliyense." Wina anakuwa kuti azimitse, n'kuzimitsadi.

A Chikhatho anagwada pafupi ndi chikuku, mawondo akulira. Sanathe kuwayang'ana mayi kumaso, anangoyang'ana mpendero wa diresi lobiriwira, womwe iwo anagwirira mayi akusoka.

"Ndiumbanso, mayi. Miyezo ndikuikumbukira yonse, ili m'manja muno. Ndikawagwadira mabwana. Chionetsero china chikubwera."

"Liti?"

"Chaka chamawa. Mwina chisanathe n'komwe."

Mayi sanayankhe. Anatsokomola, chifuwa chija chotenga nthawi, n'kupukuta pakamwa ndi kampango. Anayang'ana kachitseko kaja, anayang'ana antchito omwe anali ataima pamakwerero ndi pakapeti, onse maso ali pa iwo. Kenako anayang'ana amuna awo, mkulu wa imvi atagwada pa kapeti ya eni, jekete itanyowa ndi thukuta la ola ndi theka.

"Ndinyamuleni, bambo."

"Iyayi, mayi. Munanena kuti..."

"Ndikudziwa zomwe ndinanena, pakamwa ndi panga. Ndavala kale. Mwaumba chinthu chokongola, ndipo sindibwerera ndisanakhalemo. Ndinyamuleni."

Katochi anasendera kuti athandize, koma a Chikhatho anamukaniza ndi mutu. Namapensulo anatsegula kachitseko. Iwo analowetsa mkono wina kumsana kwa mayi, wina pansi pa mawondo, n'kukokera mpweya, kukonzekera kulemera kuja komwe kunawathyola msana pa ukwati paja, pomwe anachita kugawana ndi dalaivala.

Kulemerako kunalibe. Anadzuka nawo mosavuta, mpaka kudzandira chambuyo chifukwa cha mphamvu yomwe anaikonzera. Dongo lomwe ankanyamula kuchokera mu uvuni linkaposa pamenepa. Manja amene ankapeza phiri pomwe maso sakuona kanthu anamva nthiti iliyonse kudzera m'diresi, ndipo pomwepo a Chikhatho anadziwa chifukwa chake mayi anafunsa kuti liti, ndi chifukwa chake sanayankhe: chaka chamawa chinali kutali kwambiri kwa iwo. Misozi inatsika osaipempha, n'kumagwera paduku.

Anawerama, akutchinga mutu wa mayi ndi chikhatho kuti usagunde, n'kuwakhazika pampando. Mwendo wakufa unatsalira kunja, iwo n'kuulowetsa ndi manja awiri. Antchito onse anali atatembenukira kumbali, wina akunamizira kumanga waya womanga kale.

Mayi anapumira m'mwamba kwa kanthawi. Kenako anayendetsa dzanja lawo pampando, pakhoma, mpaka kudenga lopindika.

"Mtundu wake wagwirizanadi ndi chobiriwira," anatero. "Musalire pa anthu, bambo, mukundinyowetsera duku. Kokerani diresili, lakwinyika."

A Chikhatho anagwada pa kachitseko paja n'kukokera diresi mpaka linaphimba mawondo, n'kulisalaza ndi chikhatho. Linali litasalala kale, koma iwo anapitiriza kulisalaza.